Madala a Madengu Anati Nsana

Amuna anga ali m'ndende, ndipo mvula ikubwerayi ikhala yachiwiri chiwatsekereni. Mlandu wake ndi woti anatema mlonda wa ku esiteti ya tiyi. Sanamuteme. Ndikudziwa kuti mkazi aliyense amene amaima pamzere pachipata cha ndende ndi kambale m'manja amanena zomwezi, ndiye sindikukakamiza munthu kundikhulupirira. Ndingofotokoza mmene zinayendera, pamodzi ndi mbali yanga, imene si yabwino.

Nthawi imeneyo tinkakhala m'mudzi wina chakumtunda kwa Limbuli, kumene minda ya anthu imathera pamzere wa mabulugamu a esiteti. Bambo akunyumba ankagwira ntchito yodulira tiyi nyengo yozizira, ntchito yowerama tsiku lonse ndi chimpeni chokhota kunsonga. Ine ndinkasoka pakhonde la golosale ina ndi makina anga opalasa ndi phazi. Pamphambano ya njira ya kwathu ndi msewu wa esiteti panali mtengo wa mango, ndipo pansi pake pankakhala madala ena oluka ndi kukonza madengu othyolera tiyi. Aliyense ankangoti madala a madengu. Anabwera kuchokera ku Mozambique nthawi ya nkhondo, ndipo kalankhulidwe kawo kanali ngati nsalu yazigamba, apa Chichewa, apa Chilomwe, apo Chipwitikizi. Dengu iwo ankati tengu. Ine ndikamadutsa ndinkawaputa dala kuti, "Madala, lero matengu angati?" Iwo ankandiloza ndi kansungwi n'kunena kuti pakamwa pangapa padzandipweteketsa tsiku lina. Tinkaseka tonse.

Inenso ndine Mlomwe, kuchimuna ndi kuchikazi komwe. Koma amayi anga anakula nthawi imene mwana akalankhula Chilomwe kusukulu anzake ankamuseka mpaka kulira, ndiye m'nyumba mwathu anachitsekera kunja. Ankachilankhula ndi achemwali awo okha, akafuna kuti ife ana tisamve. Ine ndinangotolako moseliwa wopatsira moni ndi mawu awiri atatu otukwanira mbuzi. Amuna anga amachimva bwino, ngakhale poyankha amayankha m'Chichewa.

Zonse zinayamba ndi nkhuni zanga. Lachisanu lina m'mawa ndinalowa m'mabulugamu a esiteti kukatola nthambi zouma, monga ankachitira amayi onse a m'mudzimo, ngakhale tinkadziwa kuti n'zoletsedwa. Mlonda anandipeza nditamanga kale mtolo. Anandilanda nkhuni, chingwe ndi nkhata yomwe, n'kundikankha paphewa anzanga akuona. Sindinagwe, koma manyazi ake anandiwawa kuposa kugwa. Amuna anga ataweruka ndinawalandira ndi nkhaniyi asanakhale n'komwe pansi, ndipo ndiulule, ndinaithira nsinjiro. Ndinati anandigwetsa. Iwo anatembenuka pomwepo, chimpeni cha kuntchito chikadali m'manja, kukamufuna mlondayo. Anadutsa pamango paja akulalata. Anamupeza pakanyumba kake ka malata, anakalipirana, anthu anawaleretsa, ndipo nkhuni zanga zinabwera ndi chingwe chake. Tsiku limenelo ndinayenda mokweza mapewa pamudzi.

Loweruka sanapite kuntchito. Anali atapangana kale ndi mnzawo wa paubwana, amene ankapalasa kabaza pa Limbuli, kuti akagule chimanga kutsidya kwa malire. Ananyamuka kutangocha, njinga ziwiri, kudzera njira za m'minda zimene aliyense wa kuno amadzera, zopanda chipata, zopanda pepala. Anabwerako dzuwa litapendeka kwambiri, akukankha njinga, miyendo ili mbuu ndi fumbi. Masana a Loweruka lomwelo mlonda uja anapezeka atagona m'ngalande pakati pa tiyi, atatemedwa kumbuyo kwa khosi ndi padzanja. Sanafe, koma dzanja linalumala, ndipo amene anamutema sanamuone chifukwa anadzera kumsana. Apolisi anabwera tsiku lomwelo. Anafunsa anthu a m'mbali mwa msewu, ndipo pamango paja anakhalitsa akulemba.

Lamulungu m'mawa anadzawatenga amuna anga ali pakati posita malaya a kutchalitchi. Makala a mu simbi anazimira okha pakhonde.

Lolemba ndikupita kukawapatsira chakudya kupolisi, madala a madengu anandiitana. Anaika pansi dengu limene ankaluka, n'kundikodola ndi dzanja.

"Mwanawe, tabwera. Usalire. Apolisi anandifunsa Loweruka lija, ine ndinawauza zoona. Ndinati mwamuna wako ndinamuona nsana, akupita ndi mpeni wake, atakwiya. Ndinati nsana. Analemba."

Ankamwetulira ngati munthu amene wandisungira nkhani yabwino. Ine ndinamva masana. Ndinadziwa kuti masana a Loweruka amuna anga anali kutsidya akumanga matumba panjinga, ndiye ndinaika kambale pansi kuti manja onse akhale omasuka polozera. Zimene ndinanena ndimazikumbukira zonse. Ndinati ndi nkhalamba yopanda manyazi. Ndinati maso akuthaithawo, dengu lomwe amachita kulipapasa, aona bwanji munthu amene anali dziko lina? Ndinawafunsa kuti aesiteti awalonjeza chiyani. Pomaliza ndinanena choipitsitsa, kuti anabwera kuno ndi kamtolo pamutu, tinawalandira, lero akutibwezera ndi bodza. Anthu opita kumsika anaima kumamvera.

Madala anakweza dzanja, nkhope itasintha. "Nsana, mwanawe. Ndinati nsana."

Ine ndinaona ngati akukakamira bodza lawo. Ndinatola kambale kanga n'kumapita.

Amuna anga anakhala m'chitolokosi sabata imodzi, kenako anatuluka pa belo. Mnzawo wa kabaza uja anapita kupolisi kawiri kukanena kuti Loweruka lonse anali limodzi. Ulendo woyamba anamuuza kuti amene akuyendetsa nkhaniyo watuluka, wachiwiri anati adzamuitana akadzamufuna. Palibe amene analemba mawu ake. Bambo akunyumba ankakaonekera kupolisi monga anawalamulira, mwezi ndi mwezi, mpaka tsiku lina anawauza kuti asavutikenso, adzawaitana. Tinamva kuti wapolisi amene analemba nkhaniyo anamusamutsira boma lina. Tinadikira chaka, kenako china. Tinayamba kunena kuti mlandu uja unafa, ndipo anthu a m'mudzi anavomereza kuti unafadi.

Tsiku limene anatuluka pa belo lija ndinawauza amuna anga kuti madala a madengu ndi amene anawanamizira, akuti anawaona masana a Loweruka. Anangopukusa mutu n'kunena kuti, "Asiye, Mulungu akuwaona." Sanapite kukawafunsa. Iwo ndi munthu wosakonda kubwereza nkhani, ndipo mkangano umodzi unali utawagoneka kale pasimenti sabata yathunthu.

Zaka zinayi ndinadutsa pamango paja, kupita ndi kubwera, osapereka moni. Kwathu kuno kumana munthu wamkulu moni si nkhani yaing'ono, ndipo ine ndinkachita dala kuti aone. Miyezi yoyamba ankandiyamba okha. "Moseliwa, mwanawe." Ine ndinkayang'ana kuphiri ngati kuli chachilendo. Tsiku lina anatumiza mayi wina woyandikana nafe ndi kadengu kakang'ono kokongola, kokhala ndi chivundikiro, akuti ndiziikamo ulusi ndi singano. Ndinakabweza tsiku lomwelo, ndi mawu akuti ulusi wanga uli ndi pokhala. Atatero anasiya kundiyamba. Ndikamadutsa ankaweramira dengu lawo, ine n'kumva kukoma kuti aphunzira. Chaka chachinayi chitatha pamango panangokhala mwala umene ankakhalira ndi zinyalala za nsungwi. Anthu anati maso awavuta, mwana wawo wamkazi wadzawatenga, abwerera kwawo. Ine ndinati ayende bwino, ndipo sindinanene mokoma.

Moyo unapitirira. Tinafolera nyumba ndi malata. Mwana wathu wamkazi anasankhidwa kupita kusekondale. Kenako kunabwera mvula ija imene inagwa masiku angapo osaleka, phiri linang'ambika, napolo anatsika ndi miyala ndi mitengo. Mnzawo wa kabaza uja anali atamanga nyumba pafupi ndi mtsinje kwa akazi ake. Amuna anga anali m'gulu la anthu amene anakumba matope ndi makasu kumufunafuna. Anamupeza tsiku lachitatu. Tinalira mnzathu, munthu amene anatiperekeza paukwati wathu. Palibe mwa ife amene anaganiza kuti tikuikanso mboni.

Chaka chachisanu ndi chiwiri kunabwera chisamani. Ndinali pamakina ndikupinda siketi ya yunifolomu pamene amuna anga anafika ndi pepala m'manja. Akuti kupolisi kunabwera bwana watsopano amene analamula kuti mafayilo onse akale apukutidwe fumbi, ndipo lathu linali m'gulumo. Ndinaseka kaye, chifukwa ndinaona ngati alakwitsa munthu. Nditawerenga dzina lawo kawiri kuseka kunatha.

Anatipatsa loya wa boma wothandiza anthu osauka, mtsikana wodekha amene ankayenda ndi mafayilo ambiri m'chikwama chong'ambika zipi. Ndinamusokera zipiyo tsiku lachiwiri, chifukwa sindinathe kupirira kuiona. Anatikhazika pabenchi kunja kwa khoti n'kutiuza mosabisa kuti boma lili ndi zinthu zitatu. Mkangano wa Lachisanu, umene anthu ambiri anauona. Kujomba kuntchito Loweruka, kumene kapitawo angachitire umboni. Ndi mawu a madala a madengu, olembedwa m'Chingerezi, okhala ndi chidindo cha chala chawo, akuti anawaona amuna anga masana a tsikulo akulowera kuminda ya tiyi ndi mpeni, atakwiya.

"Ziwiri zoyambazo sizingamange munthu," anatero loyayo. "Chachitatuchi ndiye choopsa. Bambo, angachitire umboni ndani kuti munali kutsidya?"

"Amene ndinali naye tinamuika," anayankha amuna anga.

"Nanga amene anakugulitsani chimangacho?"

"Mayi wina pamsika. Anavala chitenje chofiira."

Loya anatseka maso pang'ono. Kenako anati tiwapeze madalawo, abwere m'khoti, kuti iye adzawafunse mafunso. Anati munthu wamoyo amatha kukumbukira bwino, amatha kuvomera kuti sanaonetsetse. Ine ndinati ndipita ndekha. Mumtima ndinali nditakonza kale mawu, ena opempha, ena oopseza, osadziwa kuti ndiyambira ati.

Ulendo uno ndinadzera pachipata, ndi pepala. Ndinawoloka pa Muloza m'mawa kwambiri, n'kukwera njinga yamoto kulowera kumudzi umene anthu anandilozera. Njira inali yoterera, matope mpaka m'mabondo a woyendetsa, moti malo awiri tinatsika n'kukankha. Tinafika dzuwa lisanakwere kwenikweni. Ndinapeza mayi wa msinkhu wanga akuyanika nandolo pamphasa. Nditangotchula mango a pamphambano anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Ndinu atelala aja," anatero. Chichewa chake chinali ngati cha bambo ake.

Anandiyalira mphasa ina, anandipatsa madzi, kenako anandilozera kuseri kwa nthochi. Madala anamwalira mvula ziwiri zapitazo. Chisoni sindinamve, ndisaname. Ndinkangoganiza kuti mboni yafa ndi bodza lake, ndipo tsopano palibe wolibweza.

Mayiyo anati, "Bambo ankakutchulani kawirikawiri. Ankati mkazi uja ndinamulakwira chiyani? Ine ndinamupulumutsira mwamuna wake, iye anandimana moni mpaka ndachoka."

Ndinafuna kuyankha mwaukali, koma ndinali pakhomo la eni ake, maliro ali kuseri kwa nthochi. Ndinameza mawu, n'kutembenuzira nkhani kunjira. Ndinati njira ya kwanu kuno yaipa, tavutika pobwera.

"Eya, ndi mvula ya nsana ija," anatero. "Inagwa yambiri."

Pakamwa panga sipagona. Ndinati, "Masana ake ati, mayi, dzuwa lomwe lisanafike pamutu?"

Anandiyang'ana modabwa, kenako anaseka pang'ono. "Ayi, sindikunena masana. Nsana. Inu mumati chiyani kodi... dzulo. Mvula ya dzulo."

Ndinamufunsa kachiwiri, anabwereza. Ndinafunsa mayi wina wachikulire amene ankadutsa ndi khasu, nayenso anati nsana ndi dzulo, mwana aliyense amadziwa. Apolisi anawafunsa madala Loweruka. Madala anati nsana. Ankanena Lachisanu, tsiku la nkhuni zanga, tsiku limene mudzi wonse unawaona amuna anga akudutsa ndi mpeni. Ankawauza apolisi kuti anawaona dzulo, osati lero. Wapolisi anamva masana n'kulemba masana, m'Chingerezi chimene madala sakanatha kumva ngakhale akanawawerengera, ndipo iwo anadinda chala mokondwa. Lolemba lija anandiitana kuti anditonthoze.

Ndinalira pamphasa ya eni ake, kulira kokuwa, moti anthu anatuluka m'nyumba zawo kuganiza kuti kwagwa zovuta zina. Ndinapempha kuti andionetse manda. Ndinagwada pamenepo n'kunena moseliwa, ngati chitsiru, kwa mulu wa dothi umene udzu unali utamera kale. Mwana wawo anaima kumbuyo kwanga. Pochoka anandipatsa kadengu kaja ka chivundikiro. Madala anakasunga.

Ndinabwerera ndi chiyembekezo, chifukwa ndinkaganiza kuti choonadi ukachipeza, chatha. Loya anandimvetsera mpaka kumapeto, analemba liwulo papepala, nsana, n'kulilemba mzere kunsi. Anati ayesetsa. Koma nkhope yake sinawale mmene ndinkayembekezera.

Mlandu unayenda pang'onopang'ono, kuimitsidwa kangapo, tsiku lina chifukwa mlonda wadwala, tsiku lina chifukwa woweruza ali kumsonkhano. Mlonda anabwera ndi dzanja lake lopinimbira. Sananame. Anati sanaone amene anamutema, koma munthu amene anakangana naye dzulo lake ndi uyu. Ndinamumvera chisoni, ndipo ndinadana nayenso nthawi yomweyo. Woimira boma anapempha kuti mawu a madala awerengedwe, popeza mwini wake anamwalira. Loya wathu anakana mwamphamvu. Anati zaka zisanu ndi ziwiri zimene boma linagona zadya mboni zonse za wozengedwa. Anati mlanduwu ukanazengedwa chaka choyamba, wakabaza akanaima apa, madala akanaima apa, ndipo funso limodzi lokha likanamasula zonse. Anati si chilungamo kuzenga munthu nthawi imene onse omuikira kumbuyo ali m'manda. Anapempha kuti mlandu uthetsedwe.

Woweruza anamvetsera, analemba, ndipo patapita masabata awiri anapereka yankho. Anavomera kuti kuchedwako kunali kwakukulu ndipo sikunali kulakwa kwa amuna anga. Koma anati mlandu waukulu ngati umenewu sutha chifukwa cha zaka zokha. Anatinso khoti silingadziwe zimene anthu akufa akananena, mwina zikanathandiza wozengedwa, mwina zikanamumanga kwambiri. Analola kuti pepala liwerengedwe, n'kunena kuti adzaliyeza mosamala. Womasulira anaima n'kulibwezera m'Chichewa, ndipo ndinamva liwu lija likutuluka poyera m'khoti monse, masana.

Anamupeza wapolisi amene analemba, tsopano wopuma pantchito, wa imvi, wochokera chigawo chapakati. Loya wathu anamufunsa ngati amamva Chilomwe. Anati ayi. Anamufunsa ngati panali womasulira. Anati panalibe chifukwa, madalawo ankalankhula Chichewa. Anamufunsa ngati akukumbukira liwu lenileni limene madala ananena. Bamboyo anatambasula manja. "Bwana, zaka zonsezi? Ndinalemba anthu ambirimbiri. Chimene ndinamva ndi chimene ndinalemba." Sindingamude. Anayankha moona.

Kenako ndinaima ine. Ndinafotokoza za Lolemba lija, za mawu a madala, za ulendo wanga wa kutsidya ndi mvula ya nsana. Tinabweretsanso mkulu wina wa mpingo wathu amene anatsimikiza tanthauzo la liwulo. Woimira boma anaimirira mwaulemu, sanandikalipire n'komwe.

"Mayi, tsiku limene madalawo anakuitanani, inu munamva kuti anena chiyani?"

"Anati nsana."

"Sindikufunsa zimene mukudziwa lero. Tsiku limenelo munamva chiyani?"

Ndinayang'ana amuna anga. Anali ataweramitsa mutu. Ndinali nditagwira Baibulo polumbira.

"Ndinamva masana."

"Ndipo munawatukwana chifukwa chakuti ananena masana?"

"Eya."

"Munauza amuna anu kuti ananena masana?"

"Eya."

"Kwa zaka zisanu ndi ziwiri?"

Sanandikakamize kuyankha. Anangouza khoti kuti anthu awiri okha anamva madalawo akulankhula za nkhaniyi, wapolisi ndi mkazi wa wozengedwa, ndipo onse awiri anamva chimodzimodzi. Anati liwu latsopanoli labadwa mlandu utadzuka, m'kamwa mwa munthu amene akufuna kupulumutsa mwamuna wake. Ndikanakhala woweruza, mwina inenso ndikanamumvera.

Anawapeza olakwa. Powerenga chilango woweruza anati wachepetsako zaka poganizira kuchedwa kwa mlandu ndiponso kuti nthawi yonseyi sanapalamule china chilichonse. Anawapatsa zisanu. Amuna anga anavula wotchi n'kundipatsira pamwamba pa thabwa, wapolisi n'kuwagwira pachigongono. Loya anati tichita apilo, ndipo mapepala anapita. Tikudikirabe.

Ndaganiza za nkhaniyi pamakina anga mpaka kusoka mkono wa malaya chagada. Amati kuchedwa kumapweteka mbali zonse, koma ine ndinaona kuti zaka zija zinasankha. Mboni za boma zinali papepala, ndipo pepala linakhala m'kabati osakalamba, osachita khungu, napolo osalipeza. Mboni zathu zinali anthu. Pepala linabwera m'khoti n'kunena mawu ake amodzi omwewo, ndipo panalibe wolifunsa kuti kodi madala, mukati nsana mukutanthauza liti? Zimandipsetsa mtima mpaka lero. Koma ndikapsa mtima n'kumaliza, ndimatsala ndi zaka zinayi zija, zimene madala anali pamango, amoyo, akundiyamba moni. Pamenepo palibe wapolisi kapena woweruza amene ndingamuloze chala.

Ulendo woyamba kukawaona kundende ndinanyamula chinangwa chophika ndi nandolo m'kadengu kaja, chifukwa kali ndi chivundikiro chabwino. Tinakhala moyang'anana, woyang'anira ali chapatali. Anali atawameta, ndipo makutu awo ankaoneka aakulu. Ndinafuna kuwaseka. M'malo mwake ndinanena zimene zinkandidya.

"Bambo, ndine ndinakumangitsani. Nkhuni zinali zanga, bodza loti anandigwetsa linali langa. Ndikanangowayankha madala aja moni tsiku limodzi lokha, bwenzi atandifotokozera."

Anatsegula kadengu, anayang'ana chinangwa, anatsekanso. Anayendetsa chala pamilukidwe yake kwa kanthawi.

"Iwe Chilomwe sumachimva," anatero. "Ine ndimachimva. Ndinkadutsa pamango pomwepo kawiri patsiku, chimpeni chili paphewa. Tsiku lina anandiitana, anati tabwera ndikuuze. Ndinapitirira."

Sanali atandiuzapo zimenezi. Woyang'anira anagogoda tebulo kuti nthawi yatha. Amuna anga anakhuthulira chakudya m'mbale yawo n'kundibwezera kadengu.

Panjira yobwerera minibasi inaima pa Nkando nthawi yaitali kudikira anthu, ndipo ndinafika kwathu dzuwa litapendeka. Ndinatsikira pamphambano. Mwala uja ukadalipo pansi pa mango. Mwana wathu anandichingamira pomwepo, anandilandira kadengu, n'kundifunsa kuti abambo ali bwanji, ndipo akuti atuluka liti. Ndinamuuza kuti adya bwino.